Phulusa ndilo likudya mapaipi a maboila

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi oyang'anira maboila, makina owiritsa madzi m'mapaipi kuti asanduke nthunzi, m'mafakitale otentha malasha kapena zotsalira za nzimbe. Paipi ikaphulika timathamangira kunena kuti chitsulo chinali chachabechabe, pamene nthawi zambiri wadya paipiyo ndi phulusa louluka ndi utsi.

M'phulusa mumakhala timchenga ta quartz tolimba kuposa chitsulo cha paipi. Tosapitirira ma micron 10 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) timatsata utsi n'kulambalala paipi, koma tokulirapo sitikhota, timaomba. Kamchenga kakaomba molunjika kamangofinya chitsulo n'kunjanja. Koopsa ndi kobwera mopendekera, pa madigiri 20 mpaka 30, chifukwa kamapala ngati tchizulo. N'chifukwa chake paipi yodyeka imakhala ndi mizere iwiri yosalala, yonyezimira, uku ndi uku, pakati pali bwinobwino. Kakanjanja kamakhala kadakali ndi mphamvu, ndiye kamakaombanso mapaipi a mzere wotsatira.

Kutentha kumawonjezera vuto. Chitsulo wamba chikapitirira 500°C chimamera chikhungwa chosachedwa kusweka ngati chigoba cha dzira. Phulusa likachisenda, chitsulo chapansi chimapsa n'kumeranso china, nacho n'kusendedwa. Paipi imapyapyala usana ndi usiku. Chitsulo chokhala ndi chromium wambiri chimapirira chifukwa chikhungwa chake n'chopyapyala ndipo chimamatirira.

Komabe musanagule mapaipi odula, yang'anani liwiro la utsi. Likawirikiza kawiri, kudyeka kumawirikiza pafupifupi kasanu. Pa malasha a phulusa lambiri, utsi usamapitirire mamita 12 mpaka 15 pa sekondi pakati pa mapaipi. Phulusa likatseka mipata ina, utsi wonse umapanikizana potsalapo. Umathamangiranso pampata wa pakati pa khoma ndi pokhotera mapaipi a economiser, otenthetsa madzi asanalowe m'boila, ndipo ndi pamenepo amakonda kubooka.

Boila ikaima, chotsani phulusa lonse m'mipata, tsekani mpata wa kukhomawo ndi zotchinga, ndipo mapaipi oyamba kukumana ndi utsi muwaveke zishango zachitsulo. Soot blower, yomwe imauluza phulusa pa mapaipi ndi nthunzi, muziyamba mwaikhetsa madzi musanaitsegule, chifukwa madontho osakanikirana ndi phulusa amakumba paipi msanga. Makulidwe a chitsulo muziyeza ndi makina a ultrasonic, oyeza pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, pamalo omwewo chaka chilichonse n'kulemba m'buku. Kuwotcherera chigamba pobooka osakonza kayendedwe ka utsi n'kutaya ndalama, pabookanso pomwepo.

A ku nzimbe, chonde, chepetsani dothi lobwera ndi nzimbe nthawi yamvula. Mchenga wa m'munda umathera m'boila.

Injiniya wa maboila,
Blantyre