Tayi ya salaula yaposa suti ya Kaunda

Akonzi,

Ndikudandaula ndi zimene hotela ina yotchuka muno mu Lusaka inachita Loweruka lapitali pobweza pakhomo amalume anga, mphunzitsi wopuma pantchito wochokera ku Katete, amene anabwera ku ukwati wa mdzukulu wawo atavala suti ya Kaunda yosita bwino. Mlonda anati lamulo la pamalopo likufuna jekete ndi tayi, choncho munthu wa imvi anaima padzuwa mpaka mnyamata wina anathamangira ku Kamwala kukawagulira zimenezo.

Tiwayamike eni hotelayo, pakuti atiphunzitsa kuti chovala chimene Kenneth Kaunda, amene anatsogolera dziko lino kuyambira 1964 mpaka 1991, ankalandira nacho atsogoleri a maiko ku State House sichikwanira kudyera nkhuku ndi mpunga m'chipinda chawo. Mwina akutsanzira nyumba ya malamulo ya ku Kenya, imene inaletsa suti yomweyi mu 2023, koma ife tilibe chifukwa chonyozera chathu chomwe.

Tayi siteteza kuzizira, siphimba thupi, ndipo ilibe ngakhale thumba. Ntchito yake ndi kunena kuti wovalayo akulemekeza malo ndi anthu amene wawapeza, ndipo tanthauzo limeneli silinasokeredwe m'nsaluyo, anthu ndiwo anagwirizana. Ngati n'choncho, mayi womanga chitenje pamaliro, Mlozi wovala siziba, chovala cha amuna a mtundu wake, pa mwambo wa Kuomboka ndi mkulu wovala suti ya Kaunda onse akunena mawu omwewo a ulemu, ndipo amene sakuwamva ndi mlonda ndi abwana ake. Chomvetsa chisoni n'chakuti jekete zambiri zimene zinaloledwa kulowa tsikulo zinatoledwa pa mulu wa salaula ku msika wa Soweto, zitavulidwa kale ndi eni ake ku Ulaya, pamene suti ya amalume inayezedwa pathupi pawo ndi telala wa ku Chipata.

Matendawa sali m'mahotela mokha. Oweruza athu amatuluka thukuta m'mawigi mwezi wa Okutobala, ndipo mafakitale a nsalu a ku Kafue ndi ku Kabwe tinawasiya kugwa tikuyang'ana, kenaka tikudabwa kuti ana athu amayesa chovala chaulemu ndi chochokera kunja chokha.

Unduna wa Zokopa Alendo ulembere mahotela onse kuti suti ya Kaunda, chitenje, musisi wa amayi a Chilozi ndi siziba ndi zovala zovomerezeka pamwambo uliwonse, ndipo yokana ilandidwe chiphaso. Hotelayo ibwezenso ndalama za jekete ndi tayi.

Wowerenga wanu,
Chilenje, Lusaka