Samalani ndi sulphonic acid popanga sopo wamadzi

Akonzi,

Tiloleni tichenjeze anzathu amene akupanga sopo wamadzi wotsukira mbale pogwiritsa ntchito sulphonic acid, yemwe pa zigubu amalembedwa LABSA. Asidi ameneyu ndi wofiirira, wonanda ngati uchi, ndipo molekyulu yake (kachidutswa kake kakang'ono kwambiri) ili ndi mbali ziwiri: mchira wautali umene umagwira mafuta, ndi mutu wa sulfure umene umakonda madzi. N'chifukwa chake amachotsa mafuta pa mbale.

Koma ali yekha amawotcha khungu. Ayenera kuphedwa mphamvu ndi caustic soda: kilogalamu imodzi ya LABSA wa 96% imafuna pafupifupi magalamu 125. Sungunulani sodayo poithira m'madzi, osati kuthira madzi pa soda, chifukwa imatentha kwambiri n'kuthovukira m'maso. Ikazizira, ithireni pang'onopang'ono mu asidi wosakaniza kale ndi madzi, mukutakasa, mpaka kapepala ka pH, koyezera mphamvu ya asidi, kasonyeze 7 kapena 8. Ambiri amangoyerekeza ndi maso, ndipo apa ndi pamene ogula amasupuka manja.

Musagwiritse ntchito ndowa ya aluminiyamu, soda imaidya n'kutulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka. Mchere wolimbitsira sopo uthiridwe pomaliza, pang'ono chabe. Ukachuluka sopo amasungunukanso n'kuchita mbuu. Valani magolovesi ndi magalasi.

Owerenga anu,
Aphunzitsi a chemistry