Kwa mwana wanga, za ulendo wanu wa ku Copenhagen

Mwana wanga,

Kuno tili bwino. Mvula yayamba, ndipo chimanga cha kuseri kwa nyumba chamera bwino ngakhale nkhuku za aneba zikutivutitsa. Uthenga wako wa pa WhatsApp ndauwerenga, pamodzi ndi mndandanda uja wa malo amene mukufuna kukaona ku Copenhagen, ku Denmark, mu December. Ndawerenga malo 12, koma masiku ndi atatu okha. Amayi ako aseka mpaka misozi, ati wotengera kwa ine ndiwe. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni umandidula mawu.

Ukudziwa kuti ndinafikako mumzindawu mu December 2009, nthawi ya msonkhano waukulu wa za kusintha kwa nyengo uja. Chimene sindinakuuzepo n'chakuti tsiku loyamba ndinavala nsapato zanga zakutchalitchi, zopyapyala pansi zija, poti ndinkafuna kuoneka bwino. Nditangoyenda pang'ono zala zakumapazi ndinasiya kuzimva. Ndinalowa m'sitolo ina, n'kumayang'ana katundu amene ndinalibe naye ntchito, cholinga changa kungofunda basi. Chisanu cha ku Dedza mu June n'chamasewera. Cha ku Manchester mwachizolowera, koma ku Copenhagen kuli mphepo yochokera kunyanja imene imalowa mpaka m'mafupa. Adzukulu anga akhale ndi nsapato zochindikala, masokosi aubweya, zipewa zophimba makutu ndi magolovesi awiri awiri, chifukwa limodzi lidzatayika ndithu.

Koma chachikulu ndi kuwala. Chakumapeto kwa December dzuwa limatuluka cha m'ma 8:30 m'mawa, ndipo 4 koloko isanakwane kwada kale. Ndi maola 7 okha, nthawi zambiri kuli mitambo. Chotsapo nthawi yowadzutsa anawo, kuwaveka zovala zonse zija, wina n'kunena kuti akufuna kuchimbudzi mutamaliza kumumanga zipi. Ukuona zotsala? Malo 12 aja ukawakwanitsa pokhapokha uwakoke ana ngati mbuzi zopita kumsika, ndipo ukabwerako wotopa kuposa mmene umatopera pamashifiti ausiku kuchipatala. Ndimakudziwa. Ukapsa mtima, bambo a anawo akangoti zii, ndipo anawo akakumbukira zimenezo osati mzindawo.

Ndiye fufutapo. Tsiku lililonse chinthu chimodzi chachikulu, chinanso chaching'ono ngati miyendo ikulola.

Tivoli musakaphonye. Ndi munda wa zisangalalo umene unatsegulidwa mu 1843, uli pafupi penipeni ndi siteshoni yaikulu ya sitima, ndipo nthawi ya Khirisimasi amaukongoletsa ndi magetsi ambirimbiri. Kumeneko mdima ndi mnzako, choncho mukapite madzulo. M'mawa muli mphamvu mukakwere Rundetaarn, nsanja yozungulira ya mu 1642. Njira yokwerera ndi msewu wokhotakhota ngati chigoba cha nkhono, masitepe ali kumapeto kokha, moti ana amathamanga okha. Pamwamba mzinda wonse umaoneka. Tsiku lina mukaime ku Amalienborg 12 koloko masana, pamene asilikali olondera nyumba yachifumu amasinthana, ndipo kuchoka apo Nyhavn, kuja kuli nyumba zamitundumitundu m'mphepete mwa madzi, ndi pafupi. Kukagwa mvula, ku National Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale, kuli chigawo cha ana kumene amaloledwa kugwira zinthu.

Chiboliboli cha mtsikana wamchira wa nsomba chija, chimene wachiika poyamba pamndandanda, ine ndinayenda mtunda m'mphepo kukachiona. N'chaching'ono, msinkhu wa mwana wa Sitandade 2, chakhala pamwala kuyambira 1913. Ndinachijambula n'kubwerera. Za ku Malmö nazonso zisiye. Inde sitima imawoloka mlatho wa Øresund mosakwana ola, koma kupita ku Sweden kuti mudzanene kuti munaponda maiko awiri n'kusangalatsa anthu a pa Facebook, osati adzukulu anga.

Za mapepala usazengereze. Chilolezo chako chokhalira ku Britain sichikulowetsa ku Denmark. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo pofunsira amafuna inshulansi ya zaumoyo. Yamba sabata ino. Ndalama zawo ndi makrone, osati mayuro, ngakhale pafupifupi paliponse amalandira khadi. Zinthu n'zodula, chakudya makamaka. Pezani malo ogona okhala ndi kakhitchini, mugule buledi, mazira ndi mkaka m'sitolo, ndipo madzi a pampopi ndi abwino, musagule a m'botolo. Kuchokera pabwalo la ndege la Kastrup kwerani Metro, ndi mphindi pafupifupi 15 kufika pakati pa mzinda. Sitimazi zilibe woyendetsa, ndiye anawo muwakhazike kutsogolo, akasangalala kwambiri. Onetsetsanso masiku, chifukwa iwo Khirisimasi amadya pa 24 December madzulo, ndipo masitolo ambiri amakhala otseka mpaka pa 26.

Chinanso, njinga. Pakati pa msewu wa magalimoto ndi njira ya apansi pali njira ya njinga, ndipo amapalasa mwaliwiro ngakhale kukuzizira chotani. Ine anandiimbira belu kangapo ndisanazindikire kuti wolakwa ndine. Potsika basi wamng'onoyo umugwire dzanja.

Kukada, musaone ngati tsiku latha. Lowani penapake pofunda, pamene ayatsa makandulo pamatebulo monga amachitira anthu akumeneko. Itanitsani æbleskiver, timandasi tozungulira todyera jamu ndi shuga woyera, koma gløgg ana asalawe, muli vinyo. Khalani pamenepo ola lathunthu, foni m'chikwama. Mu 2009 ndinakhala malo otero ndekha, ndikuyang'ana banja lina likusewera makhadi ndi ana awo, ndipo ndinakusowani nonse koopsa. Iwe nthawi imeneyo unali kusekondale.

Amayi ako akuti jekete lofiira lija la mdzukulu wamkulu lachepa, anaona pachithunzi manja ali pamtunda. Umugulire lina musananyamuke. Upereke moni kwa bambo a anawo, ndipo ukafufuta mndandandawo unditumizirenso ndiuone.

Ndine,
Bambo ako