Kafukufuku wa alezi a ana athu achitike msanga

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba, zija timangoti mkombaphala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Mangochi ili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni ndipo ana ndiye mbwee, nde amene akutilelera tianati tisanayambe sitandade 1 alipo angati, ali kuti, anaphunzira zotani? Ndikupempha unduna wa jenda pamodzi ndi a NSO, ofesi ya boma yoona za kalembera ku Zomba, kuti achite kafukufuku weniweni wa anthu amenewa, osati kungowerenga nyumba za ma CBCC (malo a mmudzi olelerako ana) ndi miphika ya phala basi.

Alezi ambiri kuno ndi amayi ongodzipereka. Mupite mukaone mmamawa, mayi mmodzi pansi pa mtengo wa mango wazunguliridwa ndi chigulu cha ana, wina akulira wina wadzikodzera, iye uku akuphunzitsa kuwerenga ndi zitsekero za mabotolo, mpira wapanga yekha ndi majumbo, zidole waumba ndi dothi, kenako ayang'anenso phala lisapserere. Ena amati ndi masewera chabe, koma mwana amaphunzirira momwemo kuyankhula, kudikira mnzake, kugwira choko. Ntchito yonseyi olo sopo sapeza. Dzinja likafika apita kumunda, usipa ukachuluka apita kunyanja kukayanika, ndipo sindingawanene chifukwa nawo ali ndi ana ofuna kudya. Amene anachita mwayi wa maphunziro a ulezi a masabata awiri akakwatiwa kwina kapena kutsatira bambo ku Joni, nzeru zonse zapita naye, komiti iyambirenso kusaka wina.

Nde ofufuza akawafunse eni ake, afikenso ku Makanjira, Katuli, Namwera ndi kwa Nankumba, asathere pa boma pomwe pali tala. Awafunse chimene chimawasiyitsa ntchito, ndi angati alandirako kandalama kangachepe kochokera ku boma, ndi angati amadziwa kusamalira mwana wolumala kapena wosamva. Nkhani ya chiyankhulo isaiwalike, ana ambiri kuno kunyumba ndi Chiyao chokhachokha, tsono mlezi akuwafikitsa bwanji ku Chichewa cha ku pulayimale popanda mabuku?

Komanso tiganize za zaka khumi zikubwerazi. Achinyamata a MSCE angokhala mmidzimu, ena amakonda ana ndithu, koma ndani angalowe ntchito yopanda malipiro, yopanda satifiketi yodziwika? Kafukufukuyo atiuze alezi angati adzafunike pa T/A iliyonse, aphunzitsidwe kuti ndi ndalama zingati, kuti aphungu akamakambirana bajeti azikhala ndi manambala mmanja. Zotsatira zake azibweretsenso ku khonsolo, ku makomiti a chitukuko a m'madera (ADC) ndi a mmidzi (VDC) m'Chichewa ndi m'Chiyao, alezi eni ake alipo.

Kholo lokhudzidwa,
Namwera, Mangochi