Tichenjere ndi udzudzu wachilendo wa m'tauni

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjeze za udzudzu wofalitsa malungo wa Anopheles stephensi, womwe kwawo ndi ku South Asia ndi ku Arabia. Unaoneka ku Djibouti mu 2012, ku Ethiopia ndi Sudan mu 2016, ku Nigeria mu 2020, ndipo ku Kenya ndi Ghana mu 2022. Ku Djibouti odwala malungo anali 27 okha mu 2012, koma pofika 2020 anapitirira 73,000.

Vuto lake ndi malo oswerana. Udzudzu wathu wozolowereka umakonda zithaphwi za dzinja, pomwe uwu umaikira mazira m'mathanki, m'migolo yosavundikira, m'matayala ndi m'madzi osungira zomangamanga. Ndiye chifukwa chake mumzinda wa Dire Dawa ku Ethiopia malungo anabuka m'chilimwe mu 2022. Umapiriranso mankhwala ambiri opopera.

Akatswiri oyeza chibadwa (DNA) chake anapeza kuti ndi wachibale wa udzudzu wa ku South Asia, komanso kuti ku Ethiopia ndi wosiyanasiyana kwambiri m'madera odutsa misewu ikuluikulu ya malonda. Mwachionekere umakwera nawo magalimoto. Ife katundu wathu amadzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, choncho udzudzuwu ungafike kuno pa magalimoto a katunduyo.

Azaumoyo azitunga mphutsi m'mathanki a pa zipata za m'malire ku Songwe, Mwanza ndi Dedza, n'kuzilera mpaka zikule, kenako kuziyeza mu labotale, chifukwa ndi maso n'kosavuta kuusokoneza ndi mitundu ina. Pakhomo, mgolo uzivundikiridwa mothina, ndipo sabata iliyonse uzikhuthulidwa n'kutsukidwa m'mbali, popeza dzira limasanduka udzudzu m'masiku pafupifupi 10.

Wowerenga wanu,
Zomba