Chiswahili si Chichewa chongosintha katchulidwe

A Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi omwe akunena kuti Mmalawi safunika kuphunzira Chiswahili poti akuti chimafanana kale ndi Chichewa. Kufanana kumeneko ndiye kumasocheretsa.

Ndimapita kukaoda nsalu ku Kariakoo, mumzinda wa Dar es Salaam, kudzera pa chipata cha Songwe. Ulendo wanga woyamba, basi itaima ku Mbeya, kamnyamata kena kanaloza mumtengo kakufuula kuti "ndege!" Ine maso kumwamba kusaka ndege ya injini. Anthu kuphwa nako kuseka. Kwa iwo ndege ndi mbalame, ndipo chombo chouluka anangochitcha dzina la mbalameyo. Ife tinabwereka tanthauzo lachiwirilo, mbalame n'kuisiya komweko.

Zoseketsa zimenezo, koma pa malonda sizisekedwa. Chuma kwa ife ndi ndalama, ng'ombe ndi katundu, pomwe kwa Mswahili chuma ndi chitsulo. Wogulitsa wina atandiuza kuti mabedi ake ndi a chuma, ndinayesa akunena kuti ndi a anthu olemera, ndinangochokapo osafunsa mtengo. Ngakhale mwendo, kumeneko ndi liwiro kapena kayendedwe, osati chiwalo chopondera.

Bungwe la mayiko a kummwera kwa Africa la SADC linavomereza Chiswahili kukhala chimodzi mwa zilankhulo zake zogwirira ntchito mu 2019. Ndikupempha Unduna wa Zamaphunziro uyambitse phunziroli m'sukulu za sekondale, kuyambira ku Karonga ndi Chitipa, ndipo mawayilesi akhale ndi kapulogalamu ka mawu osocheretsa ngati amenewa kothandiza ife oyenda malonda.

Wamalonda wa nsalu,
Karonga