Kalata kwa mnzanga amene wapeza kamunda

Wokondedwa achimwene,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino kumeneko. Ifenso kuno tilipo, kungokusowani basi. Za kamunda mwapezako zandisangalatsa kwambiri. Mwafunsa ngati ulimi wodalira manyowa m'malo mwa feteleza ndi mankhwala uli ndi phindu lenileni, kapena ndi zongotchuka pakati pa anthu andalama. Ndiyankha motalikirapo, chifukwa nkhani ya nthaka ili pamtima panga.

Musanagule chilichonse, yesani izi. Tengani chibuma chouma cha pamalo pomwe pakhala pakugaulidwa chaka ndi chaka, ndi china cha pansi pa mtengo pomwe masamba akhala akuwolerana. Chilichonse muchiike m'tambula yakeyake ya madzi. Choyambacho chimwazika nthawi yomweyo, madzi n'kusanduka matope okhaokha. Chachiwiricho chikhala chigwirene, n'kumangotulutsa tithovu ta mpweya, madzi ali mbee. Zomwe zachigwira kuti chisamwazike ndi zowola, timizu, tiulusi ta nkhungu ndi zotuluka m'mimba mwa nyongolotsi. Mvula yamphamvu ikagwa, zimene mwaona m'matambulamo n'zimene zimachitika m'munda wonse. Dothi lopanda zowola limatseka pamwamba, madzi n'kuthamanga atasenza chonde chonse kupita nacho kumtsinje, pomwe linalo limamwa madziwo n'kuwasungira mbewu pa nthawi ya ng'amba.

Sentimita imodzi ya dothi lapamwamba imatenga zaka mazanamazana kuti ipangike. Lipoti la mu 2015 la bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi pansi pa United Nations, linati gawo limodzi mwa magawo atatu a nthaka ya padziko lonse ndi loguga kale. Anthu a ku America anaziona ndi maso m'zaka za m'ma 1930. Atagaula madambo a udzu a m'zigwa za pakati pa dzikolo, kunabwera chilala, ndipo mphepo inanyamula dothi mpaka usana kumada ngati usiku. Mabanja ambirimbiri anasiya minda yawo n'kuthawa.

Feteleza sindimunyoza ayi. Mu 1909 Fritz Haber wa ku Germany anapeza njira yotengera nayitrojeni mumpweya, yemwe amapangira feteleza, ndipo pofika 1913 Carl Bosch anali ataifikitsa pa fakitale. Akatswiri amati pafupifupi theka la anthu amene tili ndi moyo lero timadya chifukwa cha luso limenelo. Vuto lake ndi loti mbewu zimangogwiritsa ntchito pafupifupi theka la nayitrojeni yemwe timathira. Wotsalayo wina amapita ndi madzi n'kukanenepetsa ndere, ndipo nderezo zikafa n'kuwola zimamaliza mpweya wabwino m'madzimo. Kumene mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja ya Gulf of Mexico, chaka chilichonse pamakhala dera lomwe nsomba zimathawa kapena kufa, ndipo mu 2017 linakula kuposa masikweya kilomita 22,000. Wina amauluka ngati mpweya wotchedwa nitrous oxide, womwe mphamvu yake yotenthetsa dziko imaposa ya carbon dioxide pafupifupi ka 300. Komanso feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chimenecho chokha, nthaka yeniyeniyo osaibwezera zowola.

Chomwe chimandidabwitsa mpaka lero n'chakuti mpweya womwe tikupumawu, magawo 78 pa 100 aliwonse ndi nayitrojeni yemweyo, ndipo pali zomera zomwe zimamutenga ulere. Mukadzadzala nyemba, soya kapena mtedza, zikadzayamba maluwa mudzazule phata limodzi mosamala. Pamizu mudzaona timibulu tating'onoting'ono. Mudzang'ambe kamodzi ndi chikhadabo. Mukapeza m'kati muli mofiirira, dziwani kuti mabakiteriya okhala mmenemo ali pantchito, akukoka nayitrojeni mumpweya n'kumapatsa mbewuyo. Mukakolola, masamba ndi mizu musiye momwemo, ndiye chakudya cha mbewu ya chaka chamawa. Phindu la kasinthasintha ndi kasakaniza wa mbewu lagona pamenepa, kuphatikizapo loti tizilombo ndi matenda ozolowera mbewu imodzi amasowa pokhazikika.

Mitengo inanso imagwira ntchito yomweyo. Msangu uli ndi khalidwe lachilendo: umayoyola masamba nthawi ya mvula, choncho suphimba mbewu, ndipo masambawo amawolera pomwe akufunikira. Ku Niger, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, alimi anayamba kusamalira mphukira za zitsa m'minda mwawo m'malo mozidula, njira yomwe Tony Rinaudo wa ku Australia anathandiza kufalitsa. Sanadzale mbande, ankangosankha mphukira zamphamvu n'kusadza zinazo. Lero akuti mitengo pafupifupi 200 miliyoni yabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni, m'dziko lomwe gawo lake lalikulu ndi chipululu cha Sahara.

Manyowa ndi ntchito yolemetsa, ndisakunamizeni. Mumayala zouma monga mapesi ndi udzu, pamwamba pake zaziwisi, kenako ndowe kapena zitosi, n'kuwaza madzi, n'kubwerezanso mpaka mulu ufike m'chiuno. Zikani ndodo pakati. Pakapita masiku angapo isololeni: ikatuluka yotentha ndi yonyowa, zikuyenda. Mulu wabwino umatentha kufika madigiri 60, zomwe zimapha njere zambiri za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda. Ndodo ikatuluka yozizira ndi youma, thirani madzi n'kutembenuza. Mulu ukamanunkha zoipa, madzi achuluka, onjezani zouma. Akapsa amakhala akuda, ofumbutuka m'manja, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Ndipo chonde, achimwene, zotsalira za mbewu musamatenthe. Phimbirani nazo nthaka, dzuwa lisaiwambe ndipo madontho a mvula asaimenye mwachindunji.

Pa za tizilombo ndinena mwachidule. Mankhwala sasankha: amapha kapuchi pamodzi ndi mavu, akangaude ndi tizilombo tina tomwe timadya kapuchiyo, ndipo njuchi nazo zimapita. Pafupifupi mitundu itatu mwa inayi iliyonse ya mbewu zazikulu zomwe anthu amadya imadalirako tizilombo tonyamula mungu. N'chifukwa chake mu 2018 mayiko a European Union analetsa kuthira panja mitundu itatu ya mankhwala otchedwa neonicotinoid. Ku Kenya, akatswiri a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe anapeza kuti desmodium, chomera cha m'gulu la nyemba, akadzalidwa pakati pa mizere ya chimanga amathamangitsa agulugufe oikira mazira a kapuchi ndipo amafooketsa kaufiti, pomwe nsenjere zodzalidwa m'mphepete zimakopa agulugufewo kuti akaikire mazira kumeneko.

Koma musataye feteleza tsiku limodzi ngati nthaka yanu ndi yoguga. Kafukufuku wambiri waonetsa kuti ulimi wopanda feteleza ndi mankhwala umakolola mochepera, kawirikawiri ndi magawo 20 mpaka 25 pa 100, ngakhale kusiyanako kumachepa pomwe pali kasinthasintha wabwino. Dziko la Sri Lanka linaletsa kuitanitsa feteleza mwadzidzidzi mu April 2021, alimi asanakonzeke ndipo manyowa okwanira kulibe. Zokolola za mpunga zinatsika kwambiri, ndipo chaka chisanathe boma linabweza lamulolo. Ine ndimakhulupirira ulimi wa manyowa ndi mtima wonse, n'chifukwa chake zimandipweteka anthu akauthamangira n'kuupatsa mbiri yoipa. Nthaka imafuna zaka zingapo kuti ichire.

Ndiye gawani kamundako pawiri. Mbali imodzi yambani kuthira manyowa, kuphimbira ndi kusakaniza nyemba, feteleza muzimuchepetsa pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Mbali inayo limani mmene amalimira anzanu kumeneko, kuti muzidzayerekeza nokha. Mundilembere kuti dothi lake ndi lamchenga kapena lamakande, malowo ndi otsetsereka motani, ndiponso ngati pafupi pali woweta ziweto yemwe angamakupatseni ndowe. Ndikadziwa zimenezi ndidzakuuzani poyambira.

Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wa kalekale.